Akulu, si masewero oyamba kodi?

Mpira umene ndikunena pano si wathu uja wa miyendo. Ndi wa ku America, wosongoka uku ndi uku, umene anyamata ovala zisoti zolimba amaupanira m'khwapa n'kumathamanga nawo kwinaku anzawo akulimbana zowagwetsa. Si wa akatswiri a mu NFL ayi, ndi wa ana a sukulu za ukachenjede. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chimene chinandithetsa nzeru pa akulu ena amene ndimagwira nawo ntchito ku South Carolina, bambo a imvi zawo, a zidzukulu, oti ngakhale makina afe ntchito ili mkati amangoseka. Kumayambiriro kwa Sepitembala 2023 bambo amenewa anangoti ndwii, khofi kuzizirira m'kapu, chifukwa ana a sukulu agonja.

Timu yawo ndi Clemson. Pa 4 Sepitembala, Lolemba usiku, pa tchuthi cha Labor Day, Clemson inakatsegulira nyengo ya mpira koyenda, ku Durham m'boma la North Carolina, ndipo Duke inaikwapula 28 kwa 7. Akuluwa analiko. Anayendetsa galimoto maola oposa anayi, timbendera tiwiri ta olenji tikupepezeka pamazenera. Galimoto ija itatulukiranso kuntchito, timbendera panalibe.

Safunsa anadya phula. Ndinadikira kuti nkhope imasukeko, kenako ndinawayamba.

"Akulu, si masewero oyamba kodi? Atsala angati?"

Ati atsala 11.

"Nanga chakuvutani n'chiyani? Kwathu timu ya mu Super League imasewera 30. Bullets kapena Wanderers ikapunthwa tsiku lotsegulira, masapota amanyoza oyimbira mpaka madzulo, mawa lake nkhani yatha, poti mapointi atatuwo amabwezedwa kutsogolo."

Apa m'pamene ndinamva kuti mpira uwu suyendera mapointi otero. Matimu a m'gulu lapamwamba ndi oposa 130, moti sangakumane onse, ndipo iliyonse imasewera 12 basi, kupatula masewero a kumapeto kwa nyengo. Pofuna kupeza katswiri wa dziko lonse, kuyambira 2014 mpaka 2023 ankasankha matimu anayi okha kuti alimbirane chikho. Osankhawo ndi komiti ya anthu 13 imene imakumana mu hotela ku Grapevine, ku Texas. Pa zaka khumi zonsezo, timu yogonja kawiri sinasankhidweko ndi imodzi yomwe.

Ndinawerengera pa zala. Ndiye kuti mumaloledwa kugwa kamodzi kokha, ndipo kamodziko mwakadyeratu usiku woyamba? Anavomera ndi mutu. Nanga anthu 13 aja akasankha mokondera, mumakadandaula kwa yani? Sanayankhe. Yankho linadzabwera lokha mu Disembala chaka chomwecho, pamene Florida State inapambana masewero ake onse 13 koma komiti n'kuisiya kunja, ati poti quarterback wake (wosewera woponya mpira), Jordan Travis, wavulala mwendo. Mpaka lero sindimvetsa. Ukagonja kamodzi uli pa ngozi, ukagonja kawiri watha, ukapanda kugonja n'komwe akhozabe kukuuza kuti bwerera kunyumba. Nanga osewerawo azichita chiyani?

Chimene chinkawapweteka kwambiri akuluwa, monga mwa kubwereza kwawo, chinali nambala. "Tinali nambala 9 m'dziko lonse," amatero, "Duke panalibe n'komwe pa mndandanda."

Ndinafunsa: "Nambala 9 imeneyo munaipeza mutagonjetsa yani?"

Ati sikuti tinagonjetsa wina. Nyengo inali isanayambe.

"Nanga anakupatsani ndani?"

Atolankhani. Bungwe la Associated Press lakhala likutulutsa mndandanda wa matimu kuyambira 1936, ndipo kuyambira 1950 limatulutsanso wina mpira usanagundidwe ndi kamodzi komwe. Atolankhani oposa 60 amavota mu Ogasiti, aliyense kulemba matimu 25 amene akuwaganizira. Amayang'ana za chaka chatha, osewera amene atsala, ana atsopano amene abwera, ndi dzina la sukuluyo. Clemson dzina ili nalo. Inatenga chikho mu 1981, mu 2016 ndi mu 2018, inasankhidwa m'gulu la anayi aja zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, ndipo kuchokera 2011 mpaka 2022 chaka chilichonse inkapambana masewero osachepera khumi.

Zonsezo ndinamva. Koma funso langa linali lakuti: ngati atolankhani analosera kuti timu ndi yachisanu ndi chinayi, kenako timuyo n'kukwapulidwa ndi ina imene sanaiwerengere, walakwa ndani? Ana amene asewera monga momwe angathere, kapena akuluakulu amene analosera? Ine ndimayesa kuti Lachiwiri m'mawa anthu akanakwiyira olosera. Koma ayi. Olosera aja anangotenga cholembera, kutsitsa Clemson kufika pa 25, kulowetsa Duke pa 21, osapepesa aliyense. Loweruka lotsatira Clemson inathibula Charleston Southern 66 kwa 17 pakwawo, mndandanda utatuluka, Clemson mulibemo. Kugonja, atsika. Kupambana, atsikanso. Nditafunsa kuti zatheka bwanji, ndinauzidwa kuti Charleston Southern ndi kamwana, kuipambana sikuwerengedwa. Nanga munaiitaniranji? Ati n'chizolowezi: sukulu zazikulu zimalipira zazing'ono kuti zibwere kudzamenyedwa. Ndinangogwira pakamwa.

Ndinafunsanso chifukwa chimene atolankhaniwo sadikira kuti aone kaye mpira wake. Paja komiti ya anthu 13 ija imadikira, mndandanda wake woyamba umatuluka kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, matimu atasewera mokwanira. Akuluwa anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Ndiye mu Ogasiti tizikamba chiyani?"

Yankho limeneli ndinaliona lachilungamo kuposa ena onse. Clemson inasewera komaliza pa 30 Disembala 2022, pamene inagonja kwa Tennessee 31 kwa 14 mu Orange Bowl. Kuchokera pamenepo kufika pa 4 Sepitembala ndi miyezi isanu ndi itatu, bwalo lili gwa, koma pakamwa pa masapota posatseka. Mu Januwale sukulu inalemba ntchito Garrett Riley kuchokera ku sukulu ya TCU kuti akonze mbali yogoletsa, munthu amene anali atangolandira mphoto ya wothandizira kochi wopambana onse. Quarterback watsopano, Cade Klubnik, anabwera ndi mbiri yakuti anali mmodzi mwa ana abwino koposa m'masekondale a dziko lonse. Mawailesi anakamba, manyuzipepala analemba, akuluwa n'kumameza zonse. Pofika Ogasiti, m'mutu mwawo nyengo inali itaseweredwa kale, chikho chili pa shelefu. Ku Durham sanapite kukaona ngati timu ili bwino, anapita kukatsimikiza. Ndikuganiza kuti pa msewu wa I-85 usiku uja ankalirira miyezi isanu ndi itatu ija, osati maola atatu a mpira.

Ndinawapempha andifotokozere mmene masewero anayendera. Mwachidule, bwalo ndi mayadi 100, yadi imodzi kuperewera pang'ono mita. Timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mpira mayadi khumi. Ikaufikitsa kumapeto kwa bwalo ndiyo touchdown, mapointi 6 ndi lina lowonjezera. Ikalephera koma ili pafupi, imamenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa mapolo, mapointi 3.

Popita kopuma Clemson inkatsogola 7 kwa 6, ndipo touchdown imodziyo inabwera Duke itagwetsa yokha mpira pafupi ndi kwawo. Atabwerako, quarterback wa Duke, Riley Leonard, anagwidwa asanapite patali, anapulumuka m'manja mwa womugwirayo, n'kuthamanga mayadi 44 m'mphepete mwa mzere mpaka kukagoletsa. Clemson sinagoletsenso. Kufika inkafika. M'masewero onsewo, kawiri inayesa kumenya ndi phazi, kawiri konse a Duke anatchinga. Kawiri kena inafika mkati mwa mayadi khumi omaliza, kawiri konse mpira unapulumuka m'manja. Pofotokoza kachiwiriko akuluwa anaimirira. Anatambasula mkono umodzi, kusonyeza kutalika kwa yadi imodzi imene inatsala, kuchokera pa chifuwa kufika kunsonga ya zala. Mnyamata wonyamula mpira anadzigwetsera m'chigulu, wina anamugunda, mpira uja thaphu pansi, wa Duke kuutola n'kuliyatsa liwiro mayadi oposa 50 kubwerera kumene unachokera. Mkono uja unakhalabe m'mwamba kanthawi, kenako anaubweza m'thumba.

"Komatu tinawasewera," anatero. "Mayadi athu anali ambiri kuposa awo."

"Mayadiwo amapereka mapointi angati?"

Ati sapereka.

"Nanga mumawawerengeranji?"

Pano ndikuona kuti amawawerengera tsiku ngati limeneli, kuti wogonja akhale ndi chonyamula popita kwawo. Koma kwa akuluwa chonyamulacho chinkawalemera kwambiri. Akanagonja kwa timu yowaposa mphamvu, bwenzi atangoti zatheka. Apa anaona ndi maso kuti chakudya chinafika pakamwa kanayi konse.

Nanga Duke yalakwanji kuti kugonja kwa iyo kukhale kwa manyazi? Ati Duke ndi sukulu ya ana anzeru za m'kalasi ndi basketball. Mike Krzyzewski anaitengera zikho zisanu za basketball, koma pa mpira uwu inali isanagonjetse timu ya mu khumi oyamba kuchokera 1989, ndipo timu imene inagonja mu 1989 inali Clemson yomweyo. Bwalo lawo la Wallace Wade ndi laling'ono, pafupifupi theka la bwalo la Clemson. Kuwonjezera apo, Lolemba la Labor Day masewero akuluakulu amakhala amodzi okha, choncho dziko lonse linali pa kanema wa ESPN. Wezulo yomaliza italira, ana a sukulu a Duke analumpha mpanda n'kudzaza bwalo lonse, buluu yekhayekha. Pakwanu mukagonja, mumatuluka anthu zikwizikwi muli chete limodzi. Koyenda, umatuluka utavala olenji pakati pa anthu ovina, galimoto uli utaimika kutali, ndipo aliyense wokudutsa akumwetulira. Apa sindinafunse kanthu. Zimenezi ndi zomveka m'chinenero chilichonse.

Tsiku lina anatulutsa chikwama n'kundionetsa ndalama ya pepala ya madola awiri. Ndalamayi ndi yosowa, anthu ambiri a ku America amatha zaka osaigwira. Ili ndi nkhope ya Thomas Jefferson, ndipo pambali pa nkhopeyo panali chidindo cha olenji cha phazi la nyalugwe wa Clemson, zala zinayi ndi chikhatho, inki itafalikira pang'ono m'mphepete. Mwambowu unayamba mu 1977, pamene Georgia Tech inafuna kusiya kusewera ndi Clemson. Masapota anapita ku Atlanta atanyamula ndalama zodindazi n'kumagulira chilichonse, kuti eni mahotela ndi malo odyera akamawerengera madzulo aone kuchuluka kwa ndalama zimene alendo a olenji amasiya. Mpaka pano akapita koyenda amatero.

"Ndiye ku Durham munasiyako zingati?"

Ati zambiri ndithu: mafuta, chakudya, poimika galimoto.

"Mwawapititsira ndalama, iwo akukwapulani, ndipo ndalama zake mwadindapo chizindikiro kuti asaiwale amene wawapatsa?"

Anaseka koyamba chigonjereni.

Funso limene ndinalizengereza linali la mawu akuti "ife". Tinagonja, tinagwetsa mpira, tinali nambala 9. Ndinayesa kuti anaphunzira ku Clemson. Ayi, sanapondeko m'kalasi ya kumeneko, ndipo mwana wawo sasewera. Bambo awo ndiwo ankawatenga ali wamng'ono. South Carolina ilibe timu yakeyake ya NFL, yapafupi ndi Carolina Panthers ya ku Charlotte, kutsidya kwa malire. Choncho mwana wobadwira kumeneko amakula ali wa Clemson kapena wa University of South Carolina, ndipo nthawi zambiri sasankha yekha. Tauni ya Clemson ili ndi anthu ongopitirira 17,000, koma bwalo lake, limene amalitcha Death Valley, limalowa anthu oposa 81,000. Osewera akamalowa amasisita mwala umene unachokera ku chipululu cha Death Valley ku California, n'kuthamanga chotsetsereka kulowa m'bwalo, khamu lonse lili chiimire. Palinso bungwe la masapota la IPTAY, limene linayamba mu 1934 ndi lonjezo lopereka madola khumi pachaka. Lero amapereka zochuluka zedi, ndipo mpando wabwino ndi poimika galimoto pafupi zimatengera kukula kwa chopereka chako. Akuluwa akhala pa mpando womwewo kwa zaka zambiri, oyandikana nawo amawadziwa mpaka matenda awo. Nditamva zimenezi, "ife" uja ndinamulola.

Koma ngati ndi "ife", bwanji pogonja pamatuluka dzina la munthu mmodzi? Dzina limene linkamveka kwambiri sabata imeneyo linali la Klubnik. Ndinafunsa zaka zake. Anali ndi 19. Ndinafunsa ngati amalandira malipiro. Ati sukulu sinkalipira osewera, inkangowaphunzitsa ulere, ndipo mpaka Julaye 2021 sankaloledwa ngakhale kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina lawo kutsatsa malonda. Nanga kochi? Dabo Swinney anasaina mu 2022 mgwirizano wa madola 115 miliyoni pa zaka khumi. Ndinapempha abwereze, ndimayesa sindinamve bwino. Sukulu yake ndi iti imene mphunzitsi wa masewero amalandira kuposa mkulu wa sukuluyo, bwanamkubwa wa boma ndi pulezidenti wa dziko kuwaphatikiza pamodzi?

Kuti ndi ana a sukulu enieni, umboni unachokera kwa opambana. Masewero atangotha, Leonard uja anajambulidwa akupempha mphunzitsi wake kuti amuwonjezere nthawi yoperekera ntchito ya m'kalasi, poti inkafunika pakati pa usiku womwewo. Mphunzitsiyo anayankha poyera kuti ayi, anzake a mu timu omwe ali m'kalasi imodzi anakonzekera nthawi ilipo. Mwana woti wagwedeza dziko lonse pa kanema, mawa lake ali ndi mlandu wa homuweki. Ine zimenezi zinandisangalatsa. Akuluwa sanaonepo choseketsa.

Swinney naye sanapulumuke, paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Mlandu wake unali wokana kugwiritsa ntchito transfer portal, njira imene wosewera amalembetsa dzina kuti akufuna kusamukira sukulu ina. Makochi ena amatola osewera okhwima kumeneko chaka ndi chaka, iye ankakonda kulera ake kuchokera kusekondale. Kumapeto kwa Okutobala, timu itapambana anayi n'kugonja anayi, sapota wina anaimba foni pa pulogalamu ya pawailesi ya kochiyo n'kumufunsa za malipiro ake. Swinney anapsa mtima, anayankha kwa mphindi zingapo osapuma, kukumbutsa anthu zikho ziwiri zimene anabweretsa. Ndinafunsa akuluwa kuti ali mbali iti. Ati onse awiri akunena zoona. Ndinafunsa ngati akufuna kochi achotsedwe. Ati ayi, munthu amene anakwapula Alabama 44 kwa 16 mu Januwale 2019 sungamuthamangitse. Nanga mukufuna chiyani? Ati asinthe. Asinthe akhale ngati ndani? Ngati makochi ena. Nanga simunkamukonda chifukwa sali ngati makochi ena? Anati nthawi yopuma yatha.

Za portal zija zinandibweretsera chizungulire china. Miyezi itatu isanathe, kochi wa Duke, Mike Elko, anapita ku Texas A&M. Leonard anasamukira ku Notre Dame, ndipo mu Januwale 2025 anaifikitsa mu fainolo ya dziko lonse. Amene anakwapula Clemson usiku uja anabalalika, koma akuluwa akamva dzina la Duke nkhope imagwabe. Mkwiyowo uli pa yani tsono? Pa malaya a buluu? Pa nyumba za sukulu? Osewera amakhala zaka zinayi kapena zisanu, ena chaka chimodzi, makochi amatsata ndalama, wokhala mpaka kalekale ndi sapota yekha, yemwenso ndi amene amalipira.

Nyengo ya 2023 Clemson inamaliza itapambana 9 n'kugonja 4, ndipo masewero otsekera inagonjetsa Kentucky 38 kwa 35 mu Gator Bowl. Ndinapita kukawayamikira. Ati chinali chaka choipa. Kupambana 9 mwa 13 n'koipa? Ati kwa Duke n'kwabwino, kwa Clemson n'koipa. Ndinafunsa ngati pali chaka chimene angachitche chabwino popanda chikho. Anaganiza nthawi yaitali, osapeza. Matimu oposa 130, chikho chimodzi. Ndiye kuti mpirawu unakonzedwa kuti masapota a matimu akuluakulu pafupifupi onse azimaliza chaka ali okhumudwa, n'kuyambanso kulipira mu Januwale?

Chaka chotsatira malamulo anasintha, osankhidwa anakhala 12 m'malo mwa anayi. Ndinaganiza kuti tsopano masewero oyamba apepuka. Atolankhani anaika Clemson pa nambala 14, inapita ku Atlanta pa 31 Ogasiti 2024, Georgia n'kuiswa 34 kwa 3. Akuluwa anakhalanso ndwii monga kale. Ndinawakumbutsa kuti khomo lakula, kugonja kamodzi sikuphanso munthu. Ati nkhani si khomo, nkhani ndi 34 kwa 3. Komabe chaka chimenecho Clemson inatenga chikho cha ligi yake ya ACC pogonjetsa SMU, n'kulowa m'gulu la 12 lija ili ndi zipsera zitatu za kugonja, zimene kale sizikanatheka. Ndinawafunsa ngati misozi ya mu Ogasiti ija angaibweze. Ati munthu sabweza misozi, ndipo Texas itawatulutsa 38 kwa 24 anati ankadziwa kale.

Inu amene mumaudziwa mpira umenewu, ndithandizeni pa chimodzi ichi: munthu amene waona nambala ya mu Ogasiti ikumunamiza zaka ziwiri zotsatizana, chimamubwezeranso ku nambalayo n'chiyani? Ndikufunsa chifukwa mu Ogasiti 2025 akuluwa anafika kuntchito nkhope ili ngwee, timbendera tabwerera pamazenera, ati chaka chake n'chino, Klubnik wakhwima, atolankhani atiika pa nambala 4. Pa 30 Ogasiti, pakwawo penipeni ku Death Valley, Clemson inagonja kwa LSU 17 kwa 10.